Masiku 5 m'malire a England ndi Wales, tikudya kadzutsa masana

Lachitatu, Ludlow

Ndatuluka shifiti ya usiku 8 koloko m'mawa uno, m'maso mukuwawa ngati mwathiridwa mchenga, ndipo ndapeza achemwali atandidikira kale pa siteshoni ya Birmingham New Street ndi zikwama zathu ziwiri. Ulendowu akonza ndi iwo. Akhala akudandaula kwa miyezi kuti ndawonda, kuti chakudya ndimadya choimirira, mpaka tsiku lina anangoti, "Iwe, tenga tchuthi. Ukagone mpaka tulo tithe, ukadye utakhala pansi." Ndimagwira ntchito kunyumba yosamalira okalamba, ndipo pa zaka 3 zapitazi sindikukumbukira m'mawa umene ndinadya kadzutsa wophika munthu wina.

Tinasintha sitima ku Shrewsbury. Za m'njira sindinaone kanthu, ndinagona mutu uli paphewa la achemwali mpaka anandigwedeza kuti tafika.

Ludlow ndi tauni ya anthu opitirira pang'ono 10,000, yomangidwa pachitunda pomwe mtsinje wa Corve umathira mu Teme. Kuchokera pa siteshoni umakwera mtunda, kudutsa nyumba zakale za mitanda yakuda ndi makoma oyera, n'kutulukira pabwalo la msika kutsogolo kwa linga lakale la miyala. Lero linali tsiku la msika, koma ife njala inali itatigwira pakhosi. Tinakhotera m'kanjira kopapatiza n'kupeza kalesitilanti ka matebulo 7, kabelu kakulendewera pachitseko. Pabolodi lakuda panali polembedwa ndi choko kuti brunch imayamba 10 koloko n'kutha 2 koloko. Ife tinalowa kutatsala mphindi 20.

Achemwali anawerenga bolodilo n'kundinong'oneza: "Mazira ndi soseji dzuwa litapendeka chonchi, ndiye kadzutsa kapena nkhomaliro?" Ndinati zonse ziwiri. Mawu akuti brunch anawapanga pophatikiza breakfast ndi lunch, ndipo si atsopano ayi. Mu 1895 mlembi wina wa ku England, Guy Beringer, analemba m'magazini ya Hunter's Weekly kuchonderera kuti Lamlungu anthu azidya chakudya chimodzi chakumasana, kuti amene achezera Loweruka usiku asavutike kulawirira. Achemwali anagwedeza mutu n'kuti, "Ndiye chakudya chakechi ndi cha iwe amene."

Eni malowo ndi mayi wachikulire ndithu, wa imvi zomanga kumbuyo, epuloni ili mbuu ndi ufa. Anayang'ana wotchi, anatiyang'ana ife ndi zikwama zathu, n'kuti, "Khalani, chiwaya sichinazizire." Achemwali anaitanitsa chimbale chonse cha Angerezi: mazira awiri, nyama yankhumba yowamba, soseji, nyemba za msuzi wa tomato, bowa, tomato wootcha, ndi kanthu kena kakuda bii kozungulira. Atafunsa, mayiwo anafotokoza kuti ndi black pudding, magazi a nkhumba osakaniza ndi mafuta ndi oats. Achemwali anakakankhira m'mbale mwanga mwaulemu, ndipo ine ndinakadya. Kamakoma, kali ndi tsabola pang'ono, kunja kowuma, m'kati kofewa. Changa chinali mazira ovundula pa buledi wowawasira pang'ono, wa khungu lolimba loti mpeni umachita kulira podula, batala atasungunukira m'timabowo take.

Ndinadya pang'onopang'ono. Palibe belu la m'chipinda cha wodwala lomwe linalira. Tiyi ndinamwa akadali wotentha mpaka kapu yachitatu, ndipo pakati pa kapu yachiwiri misozi inangolengeza yokha. Achemwali anaona, sanayankhule kanthu, anangondithirira mkaka.

Madzulo tazungulira linga. Analimanga ndi anthu a ku Normandy, dera la ku France, atalanda England mu 1066, ndipo ndi momwe Arthur, mwana wamkulu wa mfumu Henry VII, anamwalirira mu 1502 ali ndi zaka 15 zokha. Mwendo unali utalema, tabwerera kogona kusanade.

Lachinayi, Hay-on-Wye

Ndagona maola 11. Achemwali akuti anayesa kundidzutsa kawiri, kenako anandileka.

Ku Hay sitima sifika, njanji yake inatsekedwa kalekale. Tinatsika ku Hereford n'kukwera basi ya pafupifupi ola limodzi, m'misewu yopapatiza yotchingidwa ndi mipanda ya zitsamba. Ino ndi nyengo yokolola maapozi, ndipo minda ya ku Herefordshire ili psuu, ena atayoyokera pansi. Ambiri mwa maapoziwa sadyedwa, amafinyidwa kupanga mowa wa cider. M'madambo muli ng'ombe zofiira za nkhope zoyera, za mtundu wa Hereford, zomwe dzina lawo linachokera kuderali.

Ukangowoloka kamtsinje ka Dulas, walowa mu Wales. Zikwangwani zimasanduka za zinenero ziwiri, ndipo tauniyi m'Chiwelshi ndi Y Gelli Gandryll. Anthu ake sakwana n'komwe 2,000, koma mashopu a mabuku akale ali mbwee, msewu uliwonse. Anayambitsa ndi Richard Booth m'zaka za m'ma 1960, munthu yemwe pa 1 Epulo 1977 analengeza kuti Hay ndi dziko loima palokha ndipo iye ndiye mfumu yake, pofuna kuti dziko limve za tauniyi. Linamvadi. Kuyambira 1988 kumachitika chikondwerero cha mabuku chaka ndi chaka, ndipo tauniyi inapalana ubale ndi Timbuktu wa ku Mali. Pansi pa linga pali mashelefu a mabuku panja, popanda wogulitsa: umasankha buku n'kuponya ndalama m'bokosi.

Tisanalowe m'kalesitilanti ka lero, achemwali anandilozera sitika yobiriwira pagalasi la chitseko, yolembedwa nambala 5. Imeneyi ndimaidziwa chifukwa khitchini ya kuntchito kwathu nayonso imayenderedwa. Oyendera zaukhondo amapereka nambala kuyambira 0 mpaka 5. Ku Wales, kuyambira Novembala 2013, lamulo limakakamiza malo odyera kumata sitikayo poonekera, pamene ku England mwini amasankha yekha kumata kapena ayi. Ine ndikuona kuti a ku Wales anachita bwino. Munthu wolowa kukadya ali ndi ufulu wodziwa za khitchini yomwe saiona.

Popeza Lachinayi ndi tsiku la msika kuno, m'kati munali modzaza. Anthu oyenda pansi m'njira ya Offa's Dyke, yomwe imadutsa m'tauni muno pa ulendo wake wa makilomita 285, anali atavula majekete onyowa, nsapato zili matope okhaokha, agalu atagona pansi pa matebulo. Mtsikana woperekera zakudya anatifunsa ngati tingalole kukhala tebulo limodzi ndi bambo wina wokalamba. Tinalola.

Bamboyo ndi mlimi wa nkhosa wa kumapiri a kumwera kwa tauni. Zikhatho zake zinali zong'aluka m'mizere, chala chimodzi chopindika, ndipo kapu ankaigwira ndi manja awiri. Anati amatsika Lachinayi lililonse, amagula zofunika, kenako amakhala pampando womwewo. Akazi awo anamwalira dzinja lapitalo. "Kunyumba ndimadya ndi wailesi," anatero. "Kuno amandifunsa za bondo langa." Ndipo zoonadi, mtsikana uja pobweretsa mbale anawafunsa za bondolo asanaike n'komwe foloko.

Ndi iwo anatiuza kuti tilawe Welsh rarebit. Dzinalo limamveka ngati muli kalulu, rabbit m'Chingerezi, koma mulibe nyama iliyonse. Ndi tchizi chosungunula pamodzi ndi mustard ndi mowa pang'ono, chopaka mochindikala pabuledi n'kuchiika pansi pa moto mpaka pamwamba patuluke mawanga akuda. Chinabwera chikubwadamuka. Achemwali, amene tchizi sachikonda kwenikweni, anamaliza chawo n'kupukuta mbale ndi khungu la buledi. Pamapeto bamboyo anaitanitsa timakeke tatatu ta Welsh cake, tophwatalala, ta mphesa zouma, tophikidwa pachitsulo chamoto osati mu uvuni, n'kutikankhira tiwiri. Tinayesa kukana, anakweza dzanja. "Agogo, zikomo kwambiri," anatero achemwali, ndipo ngakhale mawu oyambawo sanawamve, anamwetulira.

Tinakhala maola awiri. Palibe anatibweretsera bilu tisanaipemphe.

Lachisanu, Hay-on-Wye

Mvula kuyambira usiku, phiri la Hay Bluff losaoneka n'komwe. Tinayesa kalesitilanti kena, ndipo lero sizinayende. Tinadikira mphindi 50. Mazira anafika atazizira, buledi atalowa madzi, tiyi wofunda chabe. Achemwali mtima unakwera, anafuna kuitana mwini wake.

Ndinawagwira mkono. Ndinali nditaona kale kuti mtsikana mmodzi yekha ndi amene ankalandira maoda, kupanga khofi, kupukuta matebulo ndi kulandira ndalama, tsitsi litamatirira pachipumi ndi thukuta. Mnzake sanabwere. Nkhope imeneyo ndimaidziwa, ndi yanga usiku umene tatsala awiri pa okalamba a nsanjika yonse. Cholakwa si chake, ndi cha amene anatsegula chitseko popanda manja okwanira. Tinamuuza mofatsa kuti mazira azizira, anapepesa mawu akunjenjemera, anatibweretsera ena. Pochoka ndinamusiyira kangachepe. Kuyambira pa 1 Okutobala 2024 lamulo la kuno limati ndalama yothokozera yonse izipita kwa antchito, bwana asadulepo, komabe ine ndinamupatsira m'manja.

Masana onse tinabisala mvula m'shopu ya mabuku.

Loweruka, Abergavenny

Basi kubwerera ku Hereford, kenako sitima ya mphindi zosakwana 30 kulowera kumwera. Abergavenny yazunguliridwa ndi mapiri atatu, Sugar Loaf, Blorenge ndi Skirrid, ndipo mtsinje wa Usk umadutsa m'munsi mwake. Ndi tauni yotchuka ndi zakudya. Chikondwerero chake cha zakudya chinayamba mu 1999, ndipo anachiyambitsa ndi alimi awiri pa nthawi yomwe matenda a misala ya ng'ombe anali atagwetsa malonda a nyama, pofuna kuti anthu ayambirenso kukhulupirira chakudya cha alimi a kwawoko. Mu holo ya msika tinalawa tchizi cha Y Fenni, chomwe chimatenga dzina la Chiwelshi la tauniyi, chokhala ndi njere za mustard zothetheka pa dzino.

Brunch ya Loweruka ndi ina. Mzere unafika panja, ambiri achinyamata ndi mabanja a ana m'zikuku. Tinaima theka la ola, achemwali akuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Titakhala ndinaitanitsa soseji ya Glamorgan, yomwe ilibe nyama: tchizi, nyenyeswa za buledi ndi leek, wachibale wa anyezi uja. Pambali panali kamulu kobiriwira moderako ka laverbread, ndere za m'nyanja zowiritsa maola ambiri mpaka kusanduka phala, zosakaniza ndi oats n'kukazinga. Fungo lake ndi la nyanja yeniyeni. Supuni yoyamba inandidabwitsa, yachitatu ndinayamba kuimva kukoma. Khofi anali flat white, wochokera ku Australia ndi New Zealand, wamphamvu, mkaka wake wosalala wopanda thovu lambiri.

Chakudya chinali chabwino, sindinganame. Koma china chake chinasowa. Patebulo loyandikana nafe anthu anayi anajambula mbale zawo ndi mafoni mpaka mazira anazizira, osayankhulana. Operekera zakudya ankathamanga, maso ali pamzere wa pakhomo, ndipo tisanamalize khofi mbale zinali zitachotsedwa. Sindikuwaimba mlandu, Loweruka ndi limene limalipira lendi ya sabata yonse. Kungoti ndinakumbuka bambo wa nkhosa uja ndi bondo lake, ndipo ndinauza achemwali kuti mawa, popita kwathu ku Birmingham, ndikufuna tikadyenso kwa mayi a ku Ludlow. Tinakwera sitima yamadzulo n'kukagona komweko.

Lamlungu, Ludlow

Thupi lozolowera usiku silimva za tchuthi. Ndinadzidzimuka 5 koloko, tulo tatheratu. Ndinavala jekete mwakachetechete kuti ndisadzutse achemwali, n'kutuluka.

Tauni inali zii. Nkhungu inali itakwera kuchokera ku Teme, nsanja ya tchalitchi cha St Laurence ikuoneka theka. Mashopu onse otseka, ndipo akuluakulu satsegula msanga Lamlungu, poti lamulo la 1994 limawalola maola 6 okha. M'kanjira kaja munali kuwala pawindo limodzi. Ndinaima n'kusuzumira. Mayi aja anali okha, manja ali m'ufa mpaka m'zigongono. Anandiona, anandizindikira, n'kutsegula chitseko. "Simunagone? Lowani, kunja kukuzizira." Nditawauza ntchito yanga anaseka n'kuti ndiye ndife a mtundu umodzi.

Anandikhazika pampando wa pakona ya khitchini, kapu ya tiyi m'manja. Iwo anafika 4 koloko. Buledi wawo sathira yisiti ya m'paketi. Ali ndi botolo la ufa ndi madzi lomwe limawira lokha, amalidyetsa ufa watsopano tsiku ndi tsiku, ndipo ndi limene limatupitsa mtanda n'kuupatsa kuwawasa kuja. Mtanda amaukanda dzulo lake, umagona m'firiji usiku wonse. Ndinawaona akuutembenuzira pathabwa, akuucheka pamwamba ndi lezala kamodzi kokha, tsee, n'kuulowetsa mu uvuni. Utatuluka anaugogoda kunsi ndi chala kuti ndimve kulira kwake kwa ng'oma, n'kuuika pawaya. M'khitchini muli chete buledi wotentha amalira yekha, khungu likuthetheka pamene likuzizira. Sindinkadziwa zimenezi.

Kenako mazira. Anabwera ndi mathireyi kuchokera kwa mlimi wa pafupi, ndipo anati dzira loti uliphike m'madzi lopanda chikamba liyenera kukhala la masiku ochepa, chifukwa lokhalitsa choyera chake chimamwazika. Madzi asabwadamuke, azingotulutsa tithovu pansi pa poto. Amathira viniga pang'ono, amaswera dzira m'kakapu, n'kulitsetsereza m'madzimo. Ndinaona choyeracho chikudzikulunga chokha mozungulira chikasu, ngati munthu akufunda nsalu. Pakatha mphindi zitatu amalivuula n'kuliponya m'madzi a ayezi. Anapanga ambirimbiri motero, oti nthawi ya phokoso ikafika azingowatenthetsa. Pa mkono wawo wamanja pali zipsera zitatu zoyera, zofanana, za chitseko cha uvuni.

Ndinawafunsa kuti iwo amadya nthawi yanji. Anati akatseka.

Pobwerera kogona ndinkalingalira za Beringer uja. Iye ankafunira anthu tulo ta Lamlungu m'mawa, ndipo tuloto n'tokoma, ndatilawa sabata ino. Koma kuti ine ndidzuke 10 koloko n'kupeza buledi wofunda, mayiwa adzuka 3 koloko. Kuntchito kwathu abale a okalamba amagona mwamtendere kunyumba zawo chifukwa ine ndili maso. Sabata yonseyi ndakhala ndili mbali inayo, ndipo sindikuchita nazo manyazi, ndinkafunika kupuma. Ndangofuna kuti amene wandiphikira ndimudziwe nkhope.

Tinabwerera ndi achemwali 1 koloko, mabelu a tchalitchi atasiya kulira. Matebulo onse 7 anali odzaza, tinadikira pang'ono. Panali banja lochokera kutchalitchi, agogo atavala chipewa, kamdzukulu kakuviika buledi m'dzira. Panali anyamata awiri okwera njinga zakapalasa, ndi mayi wina yekha ndi nyuzipepala. Mnyamata wothandiza ankadziwa amene amamwa tiyi wopanda shuga asanafunse.

Ndinaitanitsa eggs Benedict, chakudya chomwe chinayambira ku New York: kabuledi kozungulira kodula pakati, nyama yankhumba, dzira lija pamwamba, ndi msuzi wachikasu wa hollandaise. Msuziwu ndi chikasu cha mazira, batala wosungunula ndi mandimu, ndipo ndi wosachedwa kukwiya: moto ukachuluka umadukadukana, ukachepa sugwirana. Wawo unali wosalala ngati mafuta odzola. Nditabaya dzira ndi mpeni, chikasu chinayenderera pang'onopang'ono n'kulowa m'buledi.

Achemwali anayang'ana kumbali. "Iwe, dzira losapsa limenelo, sudwala nalo?" Ndinawafotokozera kuti kuno mazira ambiri a m'mashopu ali ndi chidindo chofiira cha mkango, kusonyeza kuti nkhuku zake zinalandira katemera wa salmonella, tizilombo todwalitsa m'mimba, ndipo kuyambira 2017 a Food Standards Agency, bungwe la boma loona za chakudya, amati mazira a chidindo chimenecho ngakhale okalamba ndi amayi oyembekezera angadye chikasu chili chamadzi. Kuntchito timayang'ana chidindocho tisanaphikire aliyense. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anaitanitsa awo okazinga mbali zonse ziwiri, ouma gwa. Mayi aja anawaphikira momwemo, osatsutsa.

Pofika hafu pasiti 2 anthu anali atapita, bolodi lalowetsedwa m'kati. Ife tinatsala chifukwa sitima yathu inali ya 4 koloko. Ndinaona mayiwo kuseri kwa kauntala ataimirira, akudya kachidutswa ka buledi ka kumapeto, dzanja lina likupukuta makina a khofi. Achemwali anawaonanso. Anadzuka, anakoka mpando wachitatu patebulo pathu, n'kunena ndi mawu omwe aja amandiuzira ine: "Mayi, bwerani mudzadye mutakhala pansi."

Anakana kaye, akuti mbale zikudikira. Achemwali anangoima, dzanja lili pampando. Mapeto ake mayiwo anavula epuloni, anabwera ndi buledi wawo ndi kambale ka batala, n'kukhala. Anatulutsa mapazi m'nsapato pansi pa tebulo n'kupumira m'mwamba. Mu tiipoti munali mutatsala tiyi, ndinawathirira, ndipo achemwali anafunsa ngati amathira mkaka.